Magazi pa mswachi, mano ogwedera ndi nkhani yokatsukitsa mano ku chipatala

Ambirife kwathu kuno njira ya ku dental timayidziwa pa chifukwa chimodzi basi, kukazulitsa dzino. Dzino lawawa usiku onse, tsaya latupa, panado wakanika, madzi a mchere akanika, nde mmawa munthu walawirira kukakhala pa benchi atagwira tsaya, akangolowa mkati mawu ake ndi amodzi okha, adokotala ingochotsani. Zoti munthu angapite kwa dokotala wa mano palibe chomwe chikumupweteka, kungopita kuti akamutsuke mano ndi makina, ambiri amaziona ngati za anthu a ndalama kapena za omwe akufuna kukawala pa zithunzi za ukwati. Ndiye pali mphekesera ija inafala kwambiri yoti ukakatsukitsa mano amayamba kugwedera, amatalikirana, ukamwa madzi ozizira amayayamira, bola osaziyamba nkomwe.

Mphekesera imeneyi ili ndi pomwe inachokera ndipo ndifikapo, koma simungayimvetse musanadziwe zomwe zimachitika mkamwamu.

Mukadzuka mmawa musanatsuke mkamwa, tapalani pang'ono ndi chikhadabo pa dzino cha kufupi ndi nkhama. Mupeza tinthu toyera, tofewa, toterera. Ambiri timangoti ndi nsima ya dzulo yotsalira, koma ayi ndithu, gawo lalikulu la zimenezo ndi mabakiteriya amoyo omwe amamatirira pa dzino nkumaswana pomwepo, madokotala amati plaque. Olo mutagona ndi njala plaque imabwerabe, chakudya chake china imachipeza mmalovu momwemo, kungoti shuga amaipatsa mphamvu kwambiri. Tizilombo timeneti tinaonedwa kalekale, mu 1683 Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft ku Netherlands anapala zoyera za mmano ake omwe nkuziyang'ana pa kagalasi kokulitsa zinthu komwe ankapanga yekha, anapeza tinthu tamoyo tikuyendayenda. Chabwino chake ndi choti plaque ikadali yofewa imachoka ndi mswachi, sipafunika dokotala.

Vuto limayamba pamalo pomwe mswachi sukufika. Malovu athu ali ndi calcium ndi phosphate, zinthu zothandiza kulimbitsa mano, koma zomwezo zikalowerera mu plaque yomwe yangokhala masiku angapo osachotsedwa imayamba kuuma mpaka kulimba gwa. Ikafika apo dzina lake ndi tartar, ena amati calculus, ndipo apa mungakweche mpaka mswachi kuyoyoka, sichichoka. Mukafuna kuiona tengani galasi, tsegulani pakamwa muyang'ane kuseri kwa mano a pansi a kutsogolo, mbali ya lilime. Anthu ambiri pamenepo pali chinthu chachikasu kapena chofiirira chomwe chadzaza timipata ta pakati pa mano moti lilime likamadutsa limangomva ngati ndi dzino limodzi lalitali. Pamachuluka pamenepo chifukwa malovu ambiri amatulukira pansi pa lilime pomwepo, malo ena ndi mano a kuchibwano a mmwamba mbali ya tsaya, nakonso kuli kotulukira malovu. Ilipo inanso yosaoneka yomwe imamera kunsi kwa nkhama, iyoyo imakhala yakuda chifukwa cha magazi, ndipo ndi yomwe imavuta kwambiri kuchotsa. Tartar payokha si poizoni, koma ndi yokhakhala, nde plaque yatsopano imapeza pogwira, imakhala itatsamira nkhama usana ndi usiku.

Thupi silingangokhala chete mabakiteriya ataunjikana chonchi. Limatumiza magazi ambiri ndi asilikali ake kumeneko, nkhama zimafiira, zimatupa, zimafewa, ukangozikhudza ndi mswachi kapena kuluma nzimbe basi magazi. Ichi ndi chiseyeye chija, pa gawo lake loyamba lomwe azachipatala amati gingivitis. Ndipo apa mpomwe ambiri timalakwitsa, munthu akaona thovu lofiira polavula amati mswachi ukundipweteka, nde amayamba kulambalala malo otuluka magaziwo, kumeneko ndi kuwasiyira mabakiteriya malo kuti achuluke bwinobwino. Nkhama zabwino sizitulutsa magazi ndi mswachi wofewa. Zimenezi anaziyesa poyera mu 1965 ku Aarhus ku Denmark, Harald Löe ndi anzake anatenga kagulu ka anthu a nkhama zabwinobwino, ambiri anali ophunzira za udokotala wa mano, nkuwauza kuti asiye kutsuka mkamwa. Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse anali ndi gingivitis. Atawauza kuti ayambirenso kutsuka, pafupifupi sabata imodzi yokha nkhama zinabwerera mwakale, popanda jakisoni, popanda kapisozi. Nde gawo loyambali limachira lonse, palibe chomwe chimatayika.

Gawo lachiwiri nde lina. Dzino silinangozikika mu fupa la nsagwada ayi, pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe timaligwira, ndipo nkhama imakulunga khosi la dzino nkusiya kampata kosaya, mamilimita 1 mpaka 3. Kutupa kuja kukakhalitsa, kwa anthu ena nkhama imayamba kulekana ndi dzino, kampata kaja kamazama nkukhala kathumba, mamilimita 4, 5, 6 kumapita pansi, mswachi sungafikemo, ndipo mmenemo mumakonda mabakiteriya osafuna mpweya monga wina wotchedwa Porphyromonas gingivalis. Chodabwitsa ndi choti chomwe chimadya fupa kwambiri si mabakiteriyawo koma nkhondo yomwe thupi lathu lomwe likumenya, polimbana nawo limaononga timinyewa tija ndi fupa lomwe. Iyi ndi periodontitis. Zili ngati nsichi ya khola yomwe mvula ikukokolola dothi la mmbali mwake chaka ndi chaka, mtengowo ndi wabwinobwino, chiswe sichinaukhudze, koma tsiku lina mungoupeza ukugwedera chifukwa chougwira chinatha. Nchifukwa chake mumaona agogo akulavula dzino loyera bwino lopanda bowo olo limodzi, anthu nkumati ndi ukalamba. Ukalamba pawokha sugwetsa mano. Ndipo fupa lomwe lapita, kawirikawiri lapita basi, chithandizo chimangoimitsa matenda kuti asapitirire.

Choipa kwambiri ndi choti zonsezi zimachitika mosawawa. Dzino lobooka limakuwa, limakudzutsa usiku, koma chiseyeye chimatha zaka chikudya mwakachetechete. Zizindikiro zake ndi zomwe timazinyozera, magazi polavula, fungo mkamwa losatha olo utatsuka, mano kuoneka ngati atalika chifukwa nkhama yatsika, nyama ya kanyenya kumangotsakamira pamalo pomwe kale sinkatsakamira, mano a kutsogolo kuyamba kutalikirana kapena kusuntha munthu ali wamkulu kale, pena kamafinya ukafinya nkhama. Fungo lija nalonso anthu amavutika nalo, kumangodya maswiti ndi chingamu mu minibasi, anzawo a ku ntchito kumangotembenuza nkhope osawauza, chonsecho gwero lake lili mmatumba aja ndi pa lilime.

Koma si aliyense wa gingivitis amene amafika pa gawo lachiwiri, ndipo apa mpomwe nkhaniyi imavutira. Löe yemwe uja ndi anzake anatsatira amuna ogwira ntchito mminda ya tiyi ku Sri Lanka kwa zaka 15 kuyambira mu 1970, anthu oti sankaonana ndi dokotala wa mano ndipo plaque ndi tartar zinali mbwee pafupifupi kwa onse. Zotsatira zake zinatuluka mu 1986. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 8 matenda anathamanga kwambiri nkuwagwetsa mano akadali achinyamata, 81 anayenda pang'onopang'ono, pomwe 11 sanapitirire gingivitis olo mkamwa munali monyansa chimodzimodzi. Nde mukamva wina akuti agogo anga sanagwirepo mswachi koma anamwalira ndi mano onse 32, mwina sakunama, kungoti agogowo anali mgulu la amwayi lija, ndipo inu simungadziwe gulu lanu pongodziyang'ana pa galasi. Lipoti la WHO la 2022 linati chiseyeye chachikulu chili ndi anthu akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 aliwonse pa dziko lonse, anthu opitirira 1 biliyoni.

Tsono ukapita kukatsukitsa chimachitika nchani? Ngati wokuonaniyo akugwira ntchito yake bwino sayambira makina. Amayamba wakufunsani za matenda ena ndi mankhwala omwe mukumwa, kenako amatenga kachitsulo kowonda kosathwa kokhala ndi timizere ta mamilimita, nkumakalowetsa pang'onopang'ono pakati pa nkhama ndi dzino kuzungulira mkamwa monse, akuwerenga kuya kwake ndi kuona pomwe pakutuluka magazi. Kwa ine gawo limeneli ndi lofunika kuposa kuwala kwa mano komwe mumatuluka nako, chifukwa ndi lomwe limanena ngati fupa layamba kutha, ndipo akaona matumba akuya amatha kujambula X-ray. Amaonanso mano obooka akadali aang'ono, zilonda za pa lilime ndi mmasaya zosapola, zoyera za mkamwa zomwe pena zimakhala chizindikiro choti chitetezo cha mthupi chatsika. Kenako nde kutsuka kuja. Malo ambiri amagwiritsa ntchito kamakina ka nsonga yachitsulo komwe kamanjenjemera maulendo 25,000 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, kakupopera madzi nthawi yomweyo kuti kasatenthe, phokoso lake ndi lija losongoka lolowa mpaka mkhutu, ndipo mumamva tizidutswa tolimba tikugwera pa lilime, mukalavula mumationa tachikasu ndi takuda tosakanikirana ndi magazi pang'ono. Kulibe makina kapena magetsi athima, tizitsulo topalira ta pamanja timagwira ntchito yomweyo, kungoti zimatenga nthawi. Pomaliza amapukuta mano ndi kamphira kozungulira ndi mankhwala okhakhala pang'ono kuti asalale ndi kuchotsa madontho a tiyi ndi fodya. Uku ndi kutsuka wamba. Amene ali ndi matumba akuya yawo ndi ina, amafunika kupala mizu kunsi kwa nkhama, nthawi zambiri ndi jakisoni wa dzanzi, mbali imodzi lero mbali ina tsiku lina, nkudzabweranso patapita masabata angapo kuti adzayezenso ngati matumba aphwa.

Nde tibwere ku mphekesera ija. Munthu wakhala zaka 15 kapena 20 tartar ikuunjikana kuseri kwa mano a pansi, yamata mano anayi kapena asanu ndi limodzi kukhala chinthu chimodzi, kunsi kwake fupa lakhala likutha osadziwa. Tsiku lomwe achotsa tartar ija dzino lililonse limaima palokha, nde amamva kugwedera, amayendetsa lilime nkupeza mipata, akapuma mpweya ukudutsa pakati pa mano, basi wayamba kuuza aliyense kuti ku dental anandiononga mano. Koma mipatayo inalipo kale, munali modzaza tartar ndi nkhama yotupa, kugwederako kunalipo kale, kunangobisika. Chomwe chinkaoneka ngati chikugwira mano ndi chomwecho chinkapangitsa fupa kutha, akanachisiya mano akanadzagwa nacho limodzi. Nthawi zambiri kutupa kukatha pakapita masabata angapo mano amalimbako pang'ono kusiyana ndi tsiku loyamba. Kuyayamira ndi madzi ozizira nakonso nkoona, sikuti anthu amapeka, khosi la dzino ndi muzu zomwe zinakwiririka zaonekera poyera ndipo muzu ulibe chikuto cholimba chomwe chili kumtunda kwa dzino, koma kwa ambiri zimatha pakapita masiku kapena masabata ochepa, ndipo alipo mankhwala otsukira mano opangidwira zimenezi. Zoti makina amapala dzino lenilenilo mpaka kulipyapyalitsa, ayi, chikuto cha dzino ndi chinthu cholimba kuposa china chilichonse mthupi, kuposa fupa, kamakina kogwiritsidwa ntchito bwino sikangachithe. Pomwe ndimaona kuti azachipatala ena amalakwitsa ndi kusamuuza munthu zonsezi asanayambe, mzere ndi wautali panja nde amangoti tsegulani pakamwa, munthu nkukadzidzimuka yekha kunyumba.

Pali anthu omwe nkhaniyi ikuwakhudza kuposa ena, ndipo oyamba ndi a shuga. Shuga ikakhala yokwera chiseyeye chimakula msanga ndipo chimavuta kupola, komanso mbali inayo, nkhama zotupa nthawi zonse zimapangitsa kuti shuga ivute kutsika. Ofufuza a Cochrane, gulu lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wambiri mu 2022 anapeza kuti kuchiza chiseyeye kumatsitsa HbA1c, muyezo uja woonetsa mmene shuga yayendera pa miyezi itatu, ndi pafupifupi 0.4 pakatha miyezi itatu kapena inayi. Nambalayi ikuoneka yaing'ono koma a ku kiliniki ya shuga akuuzani kuti si yocheza. Nde ngati bambo kapena mayi anu ali pa mankhwala a shuga a metformin ndipo akudandaula za mano ogwedera kapena zotupa za mnkhama zobwerabwera, nkhani ziwirizo ndi imodzi, ndipo pena munthu amadziwika kuti ali ndi shuga chifukwa dokotala wa mano wakayikira.

Osuta fodya awo nde chiseyeye chimawapusitsa. Fodya amafinya timitsempha ta magazi ta mnkhama, nde nkhama sizifiira kwenikweni, sizitulutsa magazi, munthu amaona ngati ali bwinobwino pomwe fupa likutha mofulumira kuposa la osasuta, ndipo olo alandire chithandizo sachira bwino ngati anzawo. Ena akasiya fodya amadabwa kuona magazi ayamba kutuluka potsuka, nkumati kusiya kwandibweretsera matenda, chonsecho ndi magazi ayambanso kuyenda bwino nkuulula zomwe zinalipo.

Amayi oyembekezera nawo, kusintha kwa mthupi kumapangitsa nkhama kutupa kwambiri ndi plaque yochepa yomweyo, ena mpaka kumera kachotupa kofiira pa nkhama komwe kawirikawiri kamaphwa akachira. Zoti mwana amayamwa calcium wa mmano a mayi ake nchifukwa chake mimba iliyonse imagwetsa dzino si zoona, mano amaonongeka ndi chiseyeye, kusanza ndi zotsekemera. Kutsukitsa mano uli ndi pakati kulibe vuto, ingowauzani miyezi yake, ndipo zikanakhala bwino nkhani imeneyi ikanamakambidwa ku sikelo. Omwe ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika amatha kudwala mtundu wina wa chiseyeye woopsa, wowawa zedi, nkhama za pakati pa mano zimachita zilonda nkumadyeka mmasiku ochepa ndi fungo lamphamvu, uwu si wodikira mwezi uthe. Ndiye pali mankhwala ena omwe amakulitsa nkhama mpaka kumakwirira mano, nifedipine ndi amlodipine a BP, komanso phenytoin wa khunyu. Osasiya mankhwala panokha chonde, auzeni adokotala, pena amasintha mtundu, ndipo mkamwa mukakhala moyera vutoli limachepa. Amene ali ndi vuto la ma valve a mtima kapena akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, nenani musanakhale pa mpando.

Za mtima ndinenepo pang'ono chifukwa pa intaneti zimakokomezedwa. Nzoona kuti anthu a chiseyeye chachikulu amapezeka ndi matenda a mtima ndi sitiroko kuposa anzawo, ndipo mabakiteriya a mkamwa amalowadi mmagazi kudzera mnkhama zotupa. Koma fodya ndi shuga zimayambitsa zonse ziwiri, nde wina akakuuzani kuti kutsukitsa mano kukutetezani ku sitiroko, wathamanga kuposa umboni womwe ulipo.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi loti kangati pa chaka. Yankho lomwe timalimva paliponse ndi miyezi 6 iliyonse, ndipo anthu amalinena ngati lamulo la boma. Koma zoona zake nambala imeneyi ndi chizolowezi chabe kusiyana ndi kuti inachokera pa kafukufuku wolimba. Mu 2018 a Cochrane omwe aja anaunika za kutsukitsa mano mwa chizolowezi kwa akuluakulu omwe alibe chiseyeye chachikulu ndipo amaonana ndi dokotala wa mano pafupipafupi, kafukufuku wake anachitikira ku UK, anapeza kuti kutsukitsa miyezi 6 kapena 12 iliyonse kumachepetsa tartar inde, anthu amamva kuti mkamwa mwayera, koma pa nkhani ya kutupa kwa nkhama kusiyana kwake ndi osatsukitsa kunali kochepa kwambiri kapena kunalibe. Bungwe la NICE la ku UK komweko, lomwe limapereka malangizo kwa azachipatala, kuyambira 2004 limati nthawi yobwerera kwa dokotala wa mano izitengera munthu, wamkulu pakati pa miyezi 3 ndi 24, mwana osapitirira miyezi 12. Nde wina akhoza kuwerenga izi nkunena kuti basi nzopanda ntchito, koma taonani anthu omwe anayesedwawo, ndi oti amapimidwa kale chaka ndi chaka, nkhama zawo zinayezedwa, alibe matenda aakulu. Munthu wa zaka 40 woti chibadwire sanayezedwepo nkhama, tartar yafika pakati pa dzino, akulavula magazi tsiku ndi tsiku, kafukufuku ameneyu sakukamba za iye. Mmene ndimaonera ine, ulendo woyamba ndi womwe uli ndi phindu lalikulu, ukatero dokotala akuuze potengera manambala a mkamwa mwako, wa shuga, wosuta kapena yemwe anapezeka kale ndi periodontitis mwina miyezi 3 kapena 4 iliyonse, wa nkhama zabwino kamodzi pa chaka kapena kupitirirapo. Kiliniki yomwe ikuuza aliyense nambala imodzimodzi isanamuyeze nkomwe, pamenepo funsani bwino.

Komanso tisanamizane, ku Malawi kuno olo aliyense atati apite miyezi 6 iliyonse palibe angawaone. Kwa zaka zambiri dziko lonse linali ndi madokotala a mano osafika 50, onse ophunzira kunja, chifukwa maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland kudzera mu MalDent Project, ndipo ndondomeko ya dziko ya za umoyo wa mkamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Omwe asenza ntchito yaikulu mzipatala za mmaboma ndi ma dental therapist, azachipatala a mano omwe si madokotala a digiri, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo kutsuka mano ndi kuyeza nkhama anaphunzira, ndi ntchito yawo ndithu, kungoti tsiku lawo limathera pa kuzula chifukwa ndi zomwe anthu amabwera nazo. Nde mukapita ku chipatala cha boma, cha mishoni kapena cha pulayiveti, nenani momveka kuti nkhama zanga zikutuluka magazi ndikufuna mundiyeze chiseyeye, osangoti mano akundivuta.

Ndipo olo mutatsukitsa kwa katswiri wotani, plaque imayamba kubwerera tsiku lomwelo. Dokotala amachotsa zomwe inu simungathe, zotsalazo ndi za inu ku bafa. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, makamaka usiku pogona chifukwa mtulo malovu amachepa. Ambiri timatsuka mmawa mokha tisanadye, nkukagona ndi zonse za tsiku lonse, bola kutembenuza. Mswachi ukhale wofewa, muupendeketse kuti tsitsi lake liloze pomwe dzino lakumana ndi nkhama, nkumagwedeza pang'onopang'ono dzino ndi dzino, kuseri komwe, osati kukwecha cham'mbali ndi mphamvu zonse, kukwecha kotero ndi mswachi wolimba kumatsitsa nkhama nkusiya mizu pamtunda. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, ndipo mukamaliza lavulani basi osachukucha ndi madzi, ngakhale kunena zoona fluoride ntchito yake yaikulu ndi kuteteza mano kubooka, za nkhama zimadalira dzanja lanu. Pakati pa mano mpomwe chiseyeye chimakonda kuyambira ndipo mswachi sulowa, nde pamafunika ulusi wa mano kapena timaburashi ting'onoting'ono tolowa pakati, omwe ali ndi mipata timaburashi ndi tomwe timagwira bwino. Masiku oyamba magazi atuluka, pitirizani, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ayenera kuchepa, akapanda kusiya nde kapimitseni. Kamtengo ka machesi, pini kapena singano zimangochotsa nyama yotsakamira nkubaya nkhama, plaque zimaisiya pomwepo.

Mswachi wa mtengo sindiunyoza ayi, wotafunidwa bwino mpaka nsonga kufewa ndi kuugwiritsa ntchito modekha umachotsa plaque ndithu, vuto lake ndi kufika kuseri ndi ku mano a kuchibwano, komanso ulibe fluoride. Makala, phulusa ndi mchenga izo nde ayi, zimayeretsa pokwecha dzino lenilenilo, ndipo chikuto chikatha sichimeranso, mano amayamba kuoneka achikasu kuposa kale chifukwa za mkati zayamba kuonekera. Madzi ofunda a mchere amatonthoza nkhama koma sasungunula tartar. Chimodzimodzi amoxicillin ndi Flagyl omwe anthu amangogula nkhama zikatupa, kutupa kumaphwa sabata imodzi, tartar ili pomwepo, mwezi wa mawa zabwereranso, ndipo mukungophunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala. Mankhwala ochukuchira a chlorhexidine amagwira ntchito zedi koma ndi a masiku ochepa pomwe dokotala wanena, mukawakhalitsa amadetsa mano ndi lilime.

Kwa ana, nkhama zotuluka magazi ndi zilonda ndi fungo loipa mwa mwana wamng'ono wonyentchera kapena yemwe wangodwala chikuku, thamangani naye tsiku lomwelo. Matenda a noma, omwe amadya tsaya ndi milomo mmasiku ochepa, amayamba chonchi ngati chilonda cha pa nkhama, amagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 6, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023. Akagwidwa koyambirira maantibayotiki, kutsuka mkamwa ndi chakudya chabwino zimawaimitsa.

China choti mudziwiretu musanalipire ndalama zanu, kutsukitsa si kuyeretsa mano. Kumachotsa tartar ndi madontho a pamwamba a tiyi, khofi ndi fodya, mano nkubwerera mtundu wawo wachibadwa, ndipo mtundu wachibadwa wa anthu ambiri ndi wotuwirako, si woyera mbee ngati wa pa malonda a pa TV. Amene anakulira mmadera omwe madzi a mjigo ali ndi fluoride wochuluka, ngati mbali zina za Nathenje ku Lilongwe, mano awo a mawanga ofiirira aja mtunduwo uli mkati mwa dzino, unalowa mano akupangika ali ana, nde makina otsukira sangauchotse olo atapala tsiku lonse. Pali njira zina zobisira mawangawo, zodula, ndipo dokotala wabwino sangaziyambe nkhama zikadali zotupa ndi kutuluka magazi, amayamba wachiza chiseyeye kaye.